Mafunso ndi mayankho: mpweya wa mapulaneti akuluakulu otentha a ku nyenyezi zina

Kodi mapulaneti amenewa ndi otani kwenikweni?

Ndi mapulaneti aakulu ngati Jupiter, ena kuposa pamenepo, amene amazungulira nyenyezi zina osati dzuwa lathu. Alibe nthaka yoti munthu n'kupondapo. Pafupifupi thupi lonse ndi mpweya wa haidirojeni ndi hiliyamu, umene umanka nuthinana munthu akamalowa mkati. Chowasiyanitsa ndi Jupiter ndi pamene akhala. Jupiter ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 778 miliyoni kuchokera ku dzuwa, ndipo amatha zaka pafupifupi 12 kuti alizungulire kamodzi. Anzakewa ali pafupi zedi ndi nyenyezi zawo, moti ambiri amamaliza ulendo wonse masiku 10 asanakwane. N'chifukwa chake asayansi amangowatchula kuti ma Jupiter otentha.

Loyamba kupezeka linali 51 Pegasi b, limene Michel Mayor ndi Didier Queloz analitulukira mu 1995 ali ku Haute-Provence m'dziko la France. Limazungulira nyenyezi yake m'masiku anayi ndi kachidutswa, pamene Mercury, amene ali pafupi kwambiri ndi dzuwa, amatenga masiku 88. Nthawi imeneyo n'ngochepa amene ankayembekezera chimphona chotere pamalo ngati amenewo. Awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 2019.

Ngati pulanetilo sitiliona n'komwe, timadziwa bwanji mpweya wake?

Timaudziwa poona kuwala kumene kwasowa. Ili ndiye yankho limene mayankho ena onse patsamba lino atsamirapo.

Kuwala kwa nyenyezi n'kosakanikirana mitundu yambirimbiri, monga mmene utawaleza umaonetsera pa kuwala kwa dzuwa. Mtundu uliwonse wa mpweya uli ndi mitundu yakeyake ya kuwala imene umatulutsa kapena kumeza. Mukawaza timibulu ta mchere pa lawi la gasi, lawi labuluu lija limathwanima chikasu kwa kanthawi. Chikasucho ndi cha sodiyamu wa mu mcherewo, ndipo chimakhala chomwechomwecho kulikonse m'chilengedwe. Sodiyamu yemweyo akakhala pakati pa inu ndi kuwala kwamphamvu, amameza chikasu chimenechi n'kusiya kampata kakuda. Gustav Kirchhoff ndi Robert Bunsen anazindikira zimenezi ku Heidelberg m'dziko la Germany cha m'ma 1860, ndipo kuyambira pamenepo anthu akhala akuwerenga zimene zili m'nyenyezi osapitako.

Tsono mapulaneti ena amadutsa ndendende pakati pa ife ndi nyenyezi zawo. Likamadutsa, pulaneti limaphimba kagawo ka nyenyeziyo ndipo kuwala kumatsikako pang'ono kwa maola awiri, atatu kapena anayi. Pakati pa pulanetilo sipadutsa kanthu. Koma m'mphepete mwake muli mkombero wopyapyala wa mpweya umene kuwala kumapyolamo kusanafike kuno. Pa mtundu umene mpweyawo umameza, mkomberowo umatchinga, ndiye pulaneti limaoneka ngati lakulirako. Pa mitundu ina kuwala kumangodutsa, ndipo pulaneti limaoneka locheperako. Choncho chimene wasayansi amayeza ndi kukula kwa mthunzi wa pulanetilo pa mtundu uliwonse wa kuwala, basi. Zotsalazo ndi masamu.

Pulaneti loyamba kuoneka likudutsa chonchi linali HD 209458 b, mu 1999. Patangopita zaka ziwiri, David Charbonneau ndi anzake anagwiritsa ntchito telesikopu ya Hubble n'kulengeza kuti aona chizindikiro cha sodiyamu m'mpweya wake.

Kusinthako n'kochepa bwanji?

Munthu woyang'ana dzuwa lathu ali kutali angaone Jupiter akuchotsa 1 peresenti ya kuwala kwake. Uwo ndi mthunzi wa pulaneti lonse. Gawo la mpweya ndi laling'ono kwambiri kuposa apa: sodiyamu wa HD 209458 b anasintha kuwala ndi pafupifupi 0.02 peresenti. Ndiye kuti pa timagawo 10,000 ta kuwala, tiwiri tokha ndi timene tinasowa. Telesikopu iyenera kuyang'anitsitsa nyenyezi kwa maola ambiri osagwedezeka, kuyambira pulaneti lisanalowe mpaka litatuluka, kuti kuwala kwa nthawi yodutsa kuyerekezedwe ndi kwa nthawi imene nyenyezi ili yokha.

N'chifukwa chiyani asayansi amalimbana ndi mapulaneti otenthawa m'malo mofufuza ofanana ndi dziko lathu?

Chifukwa ndi amene amayezeka. Sikuti ndi ochuluka ayi: pa nyenyezi 100 zofanana ndi dzuwa, imodzi yokha kapena osakwana n'komwe ndi imene imakhala ndi Jupiter wotentha. Koma zinthu zingapo zimawakomera nthawi imodzi.

Mpweya wotentha umafufuma, ndipo mpweya wopepuka ngati haidirojeni umafufuma koposa. Padziko pano mpweya umapepuka kwambiri munthu akakwera makilomita pafupifupi 8. Pa Jupiter pamafunika makilomita pafupifupi 27 kuti upepuke mofananamo. Pa ma Jupiter otentha pamafunika makilomita mazanamazana. Mkombero uja tautchula mu yankho lachiwiri umakhala wokhuthala, ndiye umameza kuwala kooneka. Komanso pulaneti likakhala pafupi ndi nyenyezi yake, mwayi woti lidutse kutsogolo kwake ife tikuona ndi waukulu, pafupifupi umodzi pa 10, pamene kwa pulaneti lokhala ngati dziko lathu ndi umodzi pa 200. Ndipo likadutsa lero, lidutsanso pakapita masiku ochepa. Woyeza dziko ngati lathuli ayenera kudikira chaka chathunthu kuti aone kachiwiri, ndipo chizindikiro cha mpweya wake chingakhale pafupifupi gawo limodzi pa miliyoni.

Anthu ena amati ntchitoyi ndi kuphunzira chabe podikira tsiku loyeza mapulaneti amiyala. Pali choonadi pamenepo, popeza njira zake n'zomwezo. Koma kuwaona ngati poyeserera pokha n'kuwapeputsa, chifukwa pali funso lina limene iwo amayankha bwino kuposa Jupiter wathu weniweniyu. Onani funso lomaliza.

Kodi kungakhale zamoyo?

Ayi, pa zamoyo zimene tikuzidziwa. Kulibe nthaka, kulibe madzi oyenda, ndipo kutentha kwa ambiri kumapitirira madigiri seshasi 1,000.

Nanga ndi mipweya iti imene yapezeka?

Kuwonjezera pa haidirojeni ndi hiliyamu, wopezeka kawirikawiri ndi nthunzi ya madzi, kaboni monokisaidi, sodiyamu ndi potaziyamu. Hubble inkatha kuona madzi, koma maso ake safika patali m'kuwala kwa infrared (kuwala kosaoneka ndi maso, kopitirira kufiira), kumene mipweya ya kaboni imasiya zizindikiro zake zazikulu. Zinthu zinasintha ndi telesikopu ya James Webb, imene inanyamuka ku Kourou, ku French Guiana, pa 25 December 2021 ndipo ili ndi galasi la mamita 6.5, poyerekeza ndi mamita 2.4 a Hubble.

Pulaneti limene laonetsa bwino mphamvu ya James Webb ndi WASP-39 b. Ndi lolemera ngati Saturn koma lofufuma kuposa Jupiter, kutentha kwake ndi pafupifupi madigiri 900, ndipo kuwala kochokera kumeneko kumayenda zaka pafupifupi 700 kuti kufike kuno. Mu August 2022 panalengezedwa kuti lili ndi kaboni dayokisaidi, ndipo aka kanali koyamba mpweyawu kuoneka mosakayikitsa kunja kwa mapulaneti a dzuwa lathu. Pa graph yake, yoonetsa kukula kwa mthunzi pa mtundu uliwonse wa kuwala, pali chitunda chachikulu pa ma micron 4.3 (micron ndi muyeso wosiyanitsira mitundu ya kuwala), choti ngakhale munthu wosaphunzira sayansi angachiloze ndi chala. Pambali pake panali kachitunda kena kakang'ono pafupi ndi ma micron 4, kamene poyamba palibe anadziwa mwini wake. Miyezi ingapo pambuyo pake kanadziwika kuti ndi salifa dayokisaidi.

Kachitunda kameneka n'kamene kanasangalatsa akatswiri kwambiri. M'mpweya wodzaza haidirojeni, salifa amayenera kukhala m'mpweya wina, haidirojeni salifaidi, uja wonunkha ngati mazira owola. Kuti salifa dayokisaidi apangike, kuwala kwamphamvu kwa nyenyezi kumayamba kwaswa mamolekyu a madzi, ndipo zidutswa zake zimalanda haidirojeni kwa salifa n'kumupatsa okosijeni. Unali umboni woyamba woti kuwala kwa nyenyezi kukupanga mipweya yatsopano pa pulaneti lakutali, monga kuwala kwa dzuwa kumapangira ozone kuno. Haidirojeni salifaidi weniweniyo anaoneka mu 2024 pa pulaneti lina, HD 189733 b.

Methane, mpweya wa kaboni ndi haidirojeni, ndiye wavuta kupeza. Amaonongeka ndi kutentha, ndiye amapezeka pa mapulaneti ofunda chabe, monga WASP-80 b pamene anaoneka mu 2023.

Akati apeza madzi, kodi ndiye kuti kuli nyanja?

Ayi, ndi nthunzi yotentha kwambiri yosakanikirana ndi haidirojeni. Madzi si chinthu chosowa m'chilengedwe, popeza haidirojeni ndi okosijeni ali m'gulu la zinthu zitatu zochuluka kwambiri. Chikanadabwitsa n'choti madziwo asapezeke.

Kutentha amakuyeza bwanji?

Pulaneti lotentha limawala lokha m'kuwala kwa infrared. Likadutsa kutsogolo, theka la ulendo pambuyo pake limakabisala kuseri kwa nyenyezi. Litangotsala pang'ono kubisala timalandira kuwala kwa nyenyezi ndi kwa pulaneti pamodzi, ndipo likabisala timatsala ndi kwa nyenyezi kokha. Kuchotsera ziwirizi kumatipatsa kuwala kwa pulanetilo, ndipo kuwalako kumanena kutentha kwake. Telesikopu ya Spitzer inachita zimenezi koyamba mu 2005, pa HD 209458 b ndi TrES-1.

Mapulaneti oyandikana chonchi ndi nyenyezi zawo amaziyang'anitsa mbali imodzi nthawi zonse, ngati mmene mwezi umachitira ndi dziko lathu. Mbali ina ndi usana wosatha, inayo ndi usiku wosatha. Mukaliyang'anitsitsa ulendo wonse, mumaona mbali zonse zikusinthana, ndipo mutha kujambula mapu a kutentha. Heather Knutson ndi anzake anajambula mapu oyamba otere mu 2007, a HD 189733 b, ndipo anapeza kuti malo otentha kwambiri sali pamene nyenyezi ili paliwombo koma asunthira cha kum'mawa. Mphepo ndi imene imakankhira kutenthako. Pa WASP-43 b, limene chaka chake ndi maola 19 ndi theka, James Webb inapeza madigiri pafupifupi 1,250 kumbali ya usana ndi 600 kumbali ya usiku. Kuzizira kwa usikuko kukanalola methane kupangika, koma sanaoneke. Zikuoneka kuti mphepo imathamangitsa mpweya mofulumira kwambiri moti umabwerera ku usana methane asanapangike.

Mphepo ya pulaneti losaoneka ingayezedwe bwanji?

Ambulansi ikamabwera, kulira kwa sairini yake kumamveka kokwera, ndipo ikangodutsa kumatsika. Kuwala nakonso kumatero: mpweya ukamabwera kwa ife, timipata take takuda timasunthira pang'ono ku buluu, ukamathawa timasunthira ku kufiira. Mu 2010 gulu la Ignas Snellen linayeza kusuntha kumeneku pa kaboni monokisaidi wa HD 209458 b ndi Very Large Telescope ya ku Paranal m'dziko la Chile, n'kupeza mphepo ya makilomita masauzande angapo pa ola yochoka ku usana kupita ku usiku. Kumayambiriro kwa 2025 panalengezedwa mphepo ya makilomita pafupifupi 33,000 pa ola yozungulira pakati pa WASP-127 b. Mphepo yamphamvu kwambiri pa mapulaneti a dzuwa lathu ndi ya ku Neptune, ndipo ili cha m'ma makilomita 2,000 pa ola.

Ndiye kuti matelesikopu a pansi pano akadali ndi ntchito?

Kwambiri. Mpweya wa dziko lathu uli ndi madzi ndi kaboni dayokisaidi zake zimene zimasokoneza, ndipo apa telesikopu ya m'mlengalenga imapambana. Koma ya pansi imatha kunyamula zipangizo zikuluzikulu zogawa kuwala mosalala kwambiri, moti chizindikiro chimene James Webb imachiona ngati chitunda chimodzi, iyo imachiona ngati timizere mazanamazana. Pulaneti limathamanga makilomita oposa 100 pa sekondi, ndiye timizere take timayenda usiku wonse pamene ta mpweya wathu tangokhala pamodzi. Mmenemo ndi mmene amazisiyanitsira. Pa mphepo ndi pa zitsulo, matelesikopu a pansi ndi amene akutsogola.

Kodi nkhani ya mvula ya chitsulo ndi yoona?

Chimene chinayezedwa ndi ichi. WASP-76 b limazungulira nyenyezi yake m'masiku osakwana awiri, ndipo usana wake umapitirira madigiri 2,400, kutentha kokwanira kusandutsa chitsulo kukhala nthunzi. Mu 2020 David Ehrenreich ndi anzake, pogwiritsa ntchito chipangizo cha ESPRESSO ku Paranal, anaona nthunzi ya chitsulo m'mphepete mwa madzulo, kumene mpweya umalowera ku usiku, koma m'mphepete mwa m'mawa, kumene umatulukira, chizindikirocho chinali chitazimiririka. Chitsulo chinalowa mumdima koma sichinatuluke. Kufotokoza kosavuta n'kwakuti chinazizira, n'kukhala madontho, n'kugwa.

Dontho lenilenilo palibe analiona. Akatswiri ena asonyeza kuti mitambo ya kumbali ya m'mawa, kapena kusiyana kwa kutentha pakati pa mbali ziwirizo, kungabise chitsulocho mofananamo. Mvulayo n'njotheka ndithu, koma ndi kumasulira kwa zimene zinayezedwa.

Pali otentha kuposa apa. Usana wa KELT-9 b ndi pafupifupi madigiri 4,300, kuposa nyenyezi zambiri. Kumeneko ngakhale mamolekyu a haidirojeni amasweka, ndipo mu 2018 munapezeka chitsulo ndi titanium zili maatomu okhaokha.

Kodi kumakhala mitambo?

Imakhalako, ndipo ndi mdani wamkulu wa ntchitoyi. Mtambo ukakhala pamwamba umatchinga mitundu yonse ya kuwala mofanana, ndiye pulaneti limaoneka kukula kumodzimodzi paliponse ndipo zitunda za pa graph zimaphwa. Kwa zaka zingapo anthu ankadabwa kuti bwanji ma Jupiter otentha ena akuoneka ngati ali ndi madzi ochepa. Mu 2016 David Sing ndi anzake anayerekeza mapulaneti 10 ndipo anapeza kuti amene ankaoneka ouma ndi omwewo amene ali ndi mitambo kapena chifunga. Madzi analipo, anangophimbika.

Mitamboyi si yamadzi. Pa kutentha kumeneku chimene chimaundana ndi miyala ndi zitsulo. Mu 2023 James Webb inapeza kuti mitambo ya WASP-17 b ndi ya timakristalo ting'onoting'ono ta quartz, mwala womwewo umene umachuluka mumchenga.

Zithunzi zokongola zimene timaona pa intaneti zimachokera kuti?

Amajambula ndi akatswiri a zojambulajambula potsatira manambala a asayansi. Palibe telesikopu imene inaonapo nkhope ya Jupiter wotentha, chifukwa amamira m'kuwala kwa nyenyezi yake. Mtundu wokha nthawi zina umayezeka, mwa njira ya kubisala ija tafotokoza pa funso la kutentha. Mu 2013 Hubble inaona kuti HD 189733 b likabisala, kuwala kwa buluu ndi kumene kumatsika, kutanthauza kuti pulanetilo ndi labuluu. Mizere, mafunde ndi mphezi za pachithunzipo ndi zongoganizira.

Ndingakhulupirire bwanji zimenezi? Kodi salakwitsa?

Amalakwitsa, ndipo mbiri ya ntchitoyi ili ndi mipweya ingapo imene inalengezedwa kenako n'kusowa pamene ena anayezanso. Zifukwa zake zimadziwika. Chipangizo chimatentha ndi kuzizira, ndipo kusintha kwake kungapose chizindikiro chimene mukufuna. Nyenyezi nayo si nyali yosalala: ili ndi mawanga ozizirirapo, ndipo pulaneti likadutsa pamwamba pa mawangawo kapena kuwalambalala, mitundu ya kuwala imasintha ngati kuti ndi mpweya. Ngakhale sodiyamu wotchuka uja wa HD 209458 b anakayikiridwa mu 2020, pamene gulu lina linasonyeza kuti kuzungulira kwa nyenyeziyo kungapange chizindikiro chofanana.

Palinso kusiyana pakati pa kudziwa kuti mpweya ulipo ndi kudziwa kuti ndi wochuluka bwanji. Chachiwirichi amachipeza pouza kompyuta kuti iyese mitundu masauzande ambiri ya mpweya wongopeka, n'kusankha imene ikufanana ndi graph. Vuto n'lakuti madzi ochepa pansi pa thambo loyera ndi madzi ambiri pansi pa mtambo zingapereke graph yofanana.

Ndiye mukamawerenga nkhani yotere, funsani ngati chizindikirocho chaonekanso pa ulendo wina wa pulanetilo, ngati chaoneka ndi chipangizo china, ndiponso ngati magulu osiyana atasanthula manambala omwewo anagwirizana. Kaboni dayokisaidi wa WASP-39 b anapambana mayeso onsewa. Nkhani zambiri zokhala ndi mitu yokopa sizinayesedwe n'komwe.

Mayina ngati WASP-39 b amatanthauza chiyani?

Gawo loyamba ndi dzina la nyenyezi, ndipo kachilembo kakang'ono ndi pulaneti: b ndi loyamba kupezeka, c lachiwiri. WASP ndi ntchito yofufuza imene inaika makamera pa chilumba cha La Palma cha dziko la Spain ndi ku Sutherland m'dziko la South Africa. HD ndi kaundula wakale wa nyenyezi wotchedwa Henry Draper.

Kodi mpweya wawo sudzatha ndi kutenthaku?

Umathawa ndithu. Mu 2003 gulu la Alfred Vidal-Madjar linaona mtambo waukulu wa haidirojeni ukuchoka pa HD 209458 b, ndipo mu 2018 hiliyamu wothawa anaoneka pa WASP-107 b. Koma chimphona chonga Jupiter n'cholemera kwambiri moti chimataya kagawo kochepa chabe pa moyo wake wonse. Ngozi yeniyeni kwa ena ndi kugwera m'nyenyezi. Ulendo wa WASP-12 b ukufupika ndi pafupifupi masekondi 0.03 chaka chilichonse, ndipo pakapita zaka mamiliyoni ochepa lidzamezedwa.

Kodi mpweya ungatiuze kumene pulaneti linabadwira?

Apa ndi pamene ntchito yonseyi ikuloza. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti chimphona sichingabadwire pafupi chonchi ndi nyenyezi, koma chimapangika kutali kozizira n'kusamukira mkati. Ena anatsetsereka pang'onopang'ono m'chimbale cha mpweya ndi fumbi chimene chimazinga nyenyezi yongobadwa. Ena anachita kuponyedwa ndi mphamvu yokoka ya pulaneti lina kapena nyenyezi ina, ndipo mwina n'chifukwa chake WASP-17 b limazungulira chobwerera, mosemphana ndi nyenyezi yake.

M'chimbalemo, madzi amaundana kuyambira pa mtunda wina wake, kaboni dayokisaidi patali pang'ono, kaboni monokisaidi kutali kwambiri. Madzi akaundana amachotsa okosijeni mumpweya n'kumuika m'timiyala ta ayezi. Pulaneti limene linameza mpweya wokhawokha kuseri kwa malire amenewa lidzakhala ndi kaboni wambiri poyerekeza ndi okosijeni, pamene limene linamezanso timiyala tambiri lidzakhala ndi okosijeni wochuluka. Karin Öberg ndi anzake anafotokoza maganizowa mu 2011. M'dzuwa muli maatomu a kaboni oposa pang'ono theka la a okosijeni, ndipo nambala imeneyi ndi imene amayerekezera nayo.

Pa Jupiter wathu kuwerengera kumeneku n'kovuta modabwitsa. Ndi wozizira, ndiye madzi ake, amene amasunga okosijeni wambiri, anaundana n'kumira pansi pa mitambo. Mu December 1995 chombo cha Galileo chinaponya kachipangizo m'mpweya wa Jupiter, koma kanagwera pamalo ouma modabwitsa ndipo funso la madzi silinayankhidwe. Chombo cha Juno, chimene chinafika mu 2016, chinatumizidwa mwa zina kukafufuza zomwezo. Pa Jupiter wotentha madzi onse ali nthunzi, pamwamba, poonekera.

Sikuti zangoyera. Quartz ya WASP-17 b imasunga okosijeni m'mitambo, ndiye woyeza mpweya wokha adzawerengera wochepa. Timiyala ta ayezi timayendanso m'chimbale n'kusungunuka kwina, kusokoneza malire aja. Pulaneti limodzi silingathetse nkhaniyi, n'chifukwa chake bungwe la European Space Agency likukonza telesikopu ya Ariel, imene ntchito yake idzakhala kuyeza mpweya wa mapulaneti pafupifupi 1,000, ambiri mwa iwo otentha kapena ofunda, ndi chipangizo chimodzi komanso njira imodzi.